Mmene Ndinagwetsera Mvula ku Matawale

Anzanga, inu mukudziwa kuti ine ndine telala, ndipo telala ndi munthu wa muyeso. Zaka zonsezi ndakhala pakhonde panga ku Matawale ndi tepi m'khosi, ndayeza mimba za mabwana a m'boma, ndayeza mapewa a ana a kukoleji ofuna masuti, moti munthu akangotulukira pageti ndimadziwiratu kuti chiuno chake ndi mainchesi angati. Ndiye mungaganize kuti nkhani yoyeza ingandichititse manyazi ine? Inandichititsa, ndipo amene anandigwira ndi ana a Sitandade 6.

Teremu imeneyo mwana wanga Takondwa ankabwera kunyumba ndi nkhani imodzi yokha, nkhani ya mvula. Mphunzitsi wawo, Madamu Namaona, anakonza zoti maphunziro onse aziyendera pa mvula. Pa sayansi ankaphunzira kumene mitambo imachokera, pa masamu ankawonkhetsa madzi amene agwa pa sabata n'kujambula magalafu, pa Chichewa ankalemba chimangirizo cha tsiku la mvula, pa zaulimi ankakambirana mbewu zokonda madzi ndi zopirira ng'amba, ngakhale nyimbo imene ankaimba kubafa inali ya mvula yomweyo. Ine zinkandichititsa chidwi, chifukwa masiku athu sayansi inali sayansi, masamu anali masamu, sizinkapatsana n'komwe moni.

Tsiku lina anabwera ndi botolo la pulasitiki lodulidwa pakhosi, mutu wake atauzondotsa n'kuulowetsa m'kati ngati fanelo. Anati chimenechi ndi choyezera mvula. Madamu anasankha ana anayi okha m'kalasi monse, amene ankawaona kuti ndi okhulupirika: wina wa ku Chinamwali, wina wa ku Sadzi, Takondwa wa ku Matawale, ndi mtsikana wina dzina lake Asiyatu, wokhala kumtunda kwa phiri la Zomba kumene bambo ake amalima masitiroberi. M'mawa uliwonse aliyense ankayenera kuyeza madziwo ndi rula, kulemba m'kope, n'kuwataya. Potsekera teremu, anayiwo adzaima pamaso pa makolo ndi sukulu yonse kufotokoza zimene apeza. Takondwa wanga ndi mwana wamanyazi, anali asanasankhidwepo pa chilichonse, ndiye mukanaona mmene ankaligwirira botolo lija.

Analikhazika pakati penipeni pa bwalo n'kulitchinjiriza ndi njerwa zinayi.

"Ababa, musaligwire. Madamu anati likhale pamtetete."

Ndinavomera ndi mutu, ndili ndi mapini kukamwa.

Tsono mvula ya ku Zomba mukuidziwa, imakonda kugwa masana, ndipo masana Takondwa akaweruka amadutsira kumsika kukathandiza amake pabenchi ya tomato. Pakhomo ndinkatsala ndine ndi botolo. Ndinkapalasa makina, maso ali pabwalo. Tsiku lina kunagwa chimvula choti dramu lathu linadzaza mpaka kusefukira, itakata ndinapita kukasuzumira, n'kupeza timadzi tosakwana ndi chikhadabo chomwe. Ndinagwada, ndinayeza ndi tepi yanga, ndinayezanso. Kodi mvula yonse ija yapita kuti? Dramu ladzaza, botolo likulephera, zikutheka bwanji? Funso limeneli linandisowetsa mtendere.

Kenaka Takondwa anayamba kunena kuti tsiku lililonse nambala ya Asiyatu wa kuphiri ndi imene ikukhala pamwamba, ndipo pagalafu imene anaimata pakhoma la kalasi mzere wa kuphiri ndi wautali, wa Matawale ndi kachidule. Mwanayo ankangofotokoza, koma makutu anga a ubambo anamva kuti mwana wanga akuluza mpikisano. Ndinayamba kuwakayikira Madamu. Ndinati amenewa akhala m'nyumba ya mpopi moyo wawo wonse, sanathamangepo ndi ndowa mvula ikamayamba. Ndani ku Matawale kuno amene amatchera madzi pakati pa bwalo? Ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti madzi amatcheredwa pansi pa malata!

Masana otsatira mvula itayamba, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinazula botolo lija n'kukaligwirizira pamene madzi a padenga amatsikira. Sindinafune kuchita dyera, ndinangowerenga mpaka faifi, n'kulibwezera pakati pa njerwa zake. Mumtima ndinkati ndangolithandiza pang'ono.

M'mawa Takondwa anayeza, anapukuta rula, anayezanso, maso ali tong'o. Anathamangira kusukulu osamaliza n'komwe tiyi, ndipo madzulo anafika akudumphadumpha kuti Matawale yaposa phiri. Anzanga, chimwemwe cha mwana chimaledzeretsa. Tsiku lotsatira ndinawerenga mpaka teni. Sabata isanathe ndinali nditapinda kachidutswa ka lata kuti madzi azilunjika bwino pakamwa pa botolo, chifukwa ine ntchito yosalongosoka sindigwirizana nayo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti nambala imeneyi siinkathera m'kope la Takondwa. Inkalowa m'maphunziro onse. Pa masamu ana makumi asanu ndi awiri ankawonkhetsa madzi anga a padenga. Pa zaulimi wina anadzutsa mkono n'kunena kuti anthu a ku Matawale asiye chimanga ayambe kulima mpunga. Choipitsitsa, Madamu anali atawaphunzitsa kale kuti kuphiri kumagwa mvula yambiri kuposa kumunsi, chifukwa mitambo ikamakwera phiri imazizidwa n'kukhuthula madzi ake. Tsopano galafu ya pakhoma inkawatsutsa. Iwo, poti ndi munthu wokonda kufufuza, sanakwiye, anangouza kalasi kuti aliyense akafunse akuluakulu kunyumba chifukwa chake Matawale ikuposa phiri.

Ndiye Takondwa anafunsa wamkulu wa kunyumba kwake. Mukuganiza kuti ndinaulula? Ndinatsokomola, ndinakonza tepi m'khosi, n'kumufotokozera modekha kuti mphepo yochokera ku nyanja ya Chilwa imakumana ndi mphepo yotsika m'phiri, ndipo malo amene zimagundana ndi pamwamba penipeni pa Matawale. Ndikulankhula ndinkadzimva ngati munthu wa pawailesi. Mwanayo analemba mawu onse, mawa lake anakawawerenga kutsogolo kwa kalasi, n'kumaliza ndi kunena kuti awa ndi maganizo a bambo ake.

Zinthu zinatembenuka sabata yachitatu. Ana ena a m'kalasimo amakhalanso ku Matawale komweko, ndipo iwo sankaona chigumula chimene chinkalembedwa pagalafu. Anayamba kunong'onezana kuti Takondwa amathira madzi a pampopi. Anamupatsa dzina loti Napolo, chinjoka chija akuluakulu amati chimatsika m'phiri ndi madzi okokolola nyumba. Madamu anamuitanira pambali n'kumuuza mwaulemu kuti ngati manambala ake sakumveka, tsiku lotsekera adzaimirira mwana wina m'malo mwake.

Tsiku limenelo sanadye. Anakhala pakhonde pafupi ndi makina anga, akupotokola kansalu kotsala.

"Ababa, ine ndimalemba zimene ndaona. Sindinawonjezepo ngakhale kadontho."

Mtima wanga unawawa, sindikunamizani. Apa munthu wanzeru akanagwada n'kunena zoona. Koma manyazi anandiletsa, ndipo utelala unandipatsa nzeru ina. Ife chovala chikakula sitilira, timangochibweza pamsoko. Ndinati ngati ndawonjezera, ndichotsera, pakutha pa mwezi masamu adzafanana okha.

Ndiye kunabwera chimvula chija choti ngalande zonse zinasefukira, a kabaza anaimika njinga zawo m'makonde a magolosale. Ine ndinatenga mbale yachitsulo n'kuvundikira botolo. Cholinga chinali choti ndivundikire theka la mvulayo basi, koma panafika mayi wina wofuna diresi la chinkhoswe, wosadziwa chimene akufuna, tinakangana za manja a diresi mpaka kunja kunayera. Pamene ndimakachotsa mbale n'kuti m'botolo muli gwa, mouma.

M'mawa Takondwa analiyang'ana botolo lija nthawi yaitali. Iye yemwe anali atanyowa dzulo lake mpaka makope. Koma poti ndi mwana wosanama, analemba ziro n'kupita nayo kusukulu. Tangoganizani: wa ku Chinamwali nambala yaikulu, wa ku Sadzi yaikulu, Asiyatu yaikulu koposa, Napolo wa ku Matawale ziro! Akuti kalasi inaseka mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera kudzafunsa chimene chachitika.

Ine nditamva ndinati basi ndabweza mopitirira, msoko wathina, ndiyenera kumasulako pang'ono. Lachisanu masana kunayamba kamvula kapakatikati, ndipo ndinaona kuti mpata ndi umenewu. Ndinazula botolo, ndinagwada pansi pa kachidutswa kanga ka lata kopinda kaja, msana ndalozetsa kugeti, n'kuyamba kuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi. Wani, thu, fili, folo. Nditafika pa seveni ndinamva mawu ambiri kumbuyo kwanga akundithandiza mwaulemu, onse pamodzi ngati m'kalasi:

"Eyiti. Naini. Teni."

Ndinacheuka. Pageti panali Madamu Namaona ndi ambulera yawo, kumbuyo kwawo gulu la ana ovala yunifolomu, ena atafunda majumbo kumutu, aliyense ndi kope ndi pensulo. Ndinamva pambuyo pake kuti Madamu anaganiza zobwera ndi gulu lofufuza kudzaona malo amene botolo limakhala, ndipo anauza Takondwa kuti asanene kunyumba kuti apeze zinthu mmene zimakhalira masiku onse. Anazipezadi mmene zimakhalira.

"Pitirizani, bambo," anatero Madamu. "Tikufuna tione njira yonse."

Madzi anali akusefukira m'botolo n'kumatsikira m'manja mwa malaya anga, koma sindinathe kulisiya kapena kuimirira. Kamtsikana kena kanadzutsa mkono, ndinadziwa kuti ndi Asiyatu chifukwa cha nsapato zake zamatope ofiira a kuphiri, n'kufunsa ngati mphepo ya ku Chilwa ija ndi imeneyi. Sikankanyoza, kankafunsadi kuti kalembe.

Takondwa sanaseke, sanalirenso. Anandiyang'ana, kenaka anatembenukira kwa aphunzitsi ake.

"Madamu, ndinakuuzani kuti sindinaname."

Anabwera n'kulanda botolo m'manja mwanga, anataya madzi onse, n'kukalikhazika pakati pa njerwa zake. Kunena zoona, ndikanakonda akanandikalipira. Ndinaimirira, mawondo ali matope okhaokha, ndipo pamaso pa ana onsewo ndinaulula chilichonse: za faifi, za teni, za mbale, za mphepo ya ku Chilwa. Ndinati mwana wanga sanalakwe kanthu, wabodza ndine, ndipo ndinamupepesa pomutchula dzina.

Ndinkayembekeza kuti Madamu anditsuka ndi mawu, koma iwo anangofunsa chimene chinandiyambitsa. Ndinawauza za dramu lodzaza ndi botolo lopanda kanthu. Nkhope yawo inawala ngati ndawapatsa mphatso. Anati limeneli ndi funso labwino kwambiri, ndipo anandibwereka tepi yanga yomwe. Mvula itakata ana anayeza m'litali ndi m'lifupi mwa nyumba yanga, ine nditagwira kunsonga kwa tepi, akundiuza kuti ndikoke bwino. Anachulukitsa manambalawo, anayezanso kukamwa kwa botolo. Apo ndi pamene ndinamvetsa kuti dramu limamwa mvula ya denga lonse, pamene botolo limangolandira imene yagwera pakamwa pake, ndipo imeneyo ndiyo mvula yeniyeni imene yagwa pamalopo. Funso limene linandivutitsa milungu itatu, ana analiyankha chimanga chokazinga chimene ndinawapatsa chisanathe m'mbale.

Tsiku lotsekera ndinapita, ngakhale amake Takondwa anandilangiza kuti ndikhale kumbuyo. Mwana wanga anaimirira kutsogolo ndi anzake atatu aja, mawu osanjenjemera. Anafotokoza kuti kuphiri kumagwa mvula yambiri kuposa ku Matawale, ndipo manambala a milungu itatu anawachotsa chifukwa anasokonezedwa. Kenaka anatambasula pepala lalikulu limene kalasi inakonza, lolembedwa kuti Zinthu Zosokoneza Choyezera Mvula, n'kuyamba kuloza ndi rula chimodzichimodzi.

"Mitengo. Denga. Nkhuku. Ababa anga."

Pa chachinayicho anajambulapo munthu wogwada, ndipo kuti pasakhale wokayika, anamuveka tepi m'khosi. Makolo onse anatembenuka kufunafuna, ndipo sanavutike kundipeza, chifukwa ine mwachizolowezi tepi ndinali nditaivala.

Mpaka lero kasitomala ndikamamuyeza chiuno amandichenjeza kuti ndisawerenge mpaka teni. Ndipo ndinalumbira, anzanga: chinthu cha kusukulu chikafika pakhomo panga, kaya ndi botolo, kaya ndi nyemba yomera m'chitini, kaya chikuoneka kuti chikuvutika bwanji, ine ndimachilambalala, manja ndili nawo m'thumba. Teremu ino akuphunzira za thupi la munthu, ndipo Takondwa wandiuza kale kuti thandizo langa silikufunika.