Mayeso a Limbani ndi Nthutumba Imene Ndinadya

Tsiku limenelo tinalipo ine, Thandeka mphunzitsi wathu wachizulu, ndi Limbani, kamnyamata ka giredi 4 kamene mayi ake anangokasiya pakhomo n'kuthamangira kuntchito. Amene panalibe ndi Esnati, mpongozi wanga, mwini wake wa malowo, anapita ku Germiston kukagula mabuku. Akanakhalapo iyeyo bwenzi nkhaniyi kulibe.

Malo athu ali ku Primrose, zipinda ziwiri kuseri kwa shopu, ana amabwera akaweruka kusukulu kudzathandizidwa masamu ndi Chingerezi. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, koma Esnati anandipatsa umanijala chifukwa makiyi sinditaya, makolo amandiopa, ndipo mwana sangatuluke pageti ine ndili pampando.

Mwana watsopano amayamba walemba kamayeso kuti aphunzitsi aone pamene pakumuvuta. Akalakwa zambiri ndiye bwino, ntchito yathu yapezeka. Zimenezi anandifotokozera zinthu zitaipa kale. Kwathu ku Thyolo mayeso ndi mayeso, wolephera amachititsa manyazi mtundu wonse.

Tsono Limbani si mwana wamba kwa ine. Agogo ake, a Nasibeko, anandisunga m'kachisakasa kawo ku Dukathole nditangofika ku Joni, osandilipiritsa kanthu, ndipo anamwalira ndisanawabwezere. Zoterezi ine sindiiwala. Thandeka atatuluka kukayankha foni, ndinaona mwana akungoluma pensulo, misozi ili m'maso. Mdzukulu wa a Nasibeko alephere m'manja mwanga? Ndinatsekula dirowa, n'kutenga pepala la mayankho, n'kuliika pambali pake, ine n'kuyamba kusesa nditam'patsa msana. Ndinasesa malo amodzimodzi mpaka simenti inawala.

Mwana anakhoza zonse. Thandeka anachonga, n'kundiyang'ana, n'kuchonganso. Ine ndinkati akudabwa nzeru za Amalawi, moti mayi ake atabwera madzulo nthungululu ndinayambitsa ndine. Pepalalo ndinawapatsa ndekha m'manja kuti akaonetse anthu.

Anaonetsadi. Mawa lake anajomba kuntchito, anapita kusukulu kumene Limbani amaphunzira, n'kukalalatira mphunzitsi amene ananena kuti mwanayo ndi wotsalira pa masamu, ati ndi tsankho chabe poti ndi mwana wobwera. Lamlungu anapha nkhuku, anaitana amayi a kutchalitchi, ine anandikhazika pampando anzanga ali pamphasa, n'kundipatsa nthutumba. Ndikanatani? Ndinadya. Ndinayankhulaponso, kuti nzeru zimenezi ndi za kwa agogo ake.

Kenako mayi a Limbani anandigwira dzanja, anthu onse akumva.

"Amayi, mwatitsekula maso. Mwana wodziwa zonse chonchi azibweranso kwa inu kudzatani? Ndalamazo bola tizitumiza kumudzi."

Amayi ena amene ana awo amaphunzira kwathu anati awonso ayesedwe, mwina akungolipira pachabe.

Lolemba ndinapeza za phwandolo zitam'fika kale Esnati, za dirowa Thandeka atamuuzanso. Mpongozi wanga sandikwezera mawu. Anangoitanitsa Limbani ndi mayi ake, n'kum'patsa mayeso omwe aja, dirowa atakiya, kiyi ali m'thumba mwake, ine atandipempha mwaulemu kuti ndikakhale kaye panja. Chimene mwana anakhoza ndi dzina lake basi.

"Amayi, lowani," anatero Esnati. "Muwafotokozere ndinu, poti nthutumba munadya ndinu."

Ndinagwada, ine manijala, pamaso pa mayi a Limbani, mtsikana woti ndingam'bereke, n'kuulula zonse. Mayi a Limbani sanakalipe. Anangofunsa kuti kwa mphunzitsi wa kusukulu uja akapepese ndani, poti iwo nkhope yopitiranso kumeneko alibe. Onse anayang'ana ine.

Limbani wabwerera, akuphunzira bwinobwino, kuyambira pansi pomwe anayenera kuyambira. Ine ndinalumbira kuti tsiku la mayeso ndizikhala pageti, mwana alire asalire, ngakhale atakhala mdzukulu wanga weniweni.

Zotsala ndi izi. Nkhuku sindinabweze. Tsiku limene mayi ake anajomba abwana awo anawadula malipiro, limenelo lili pa ine. Kwa mphunzitsi uja sindinapitebe, ndikudikira Thandeka andiphunzitse kupepesa m'Chingerezi, ndipo akuti tiyambe ndi kamayeso kuti aone pamene pakundivuta.