Ambulasi ya amake Feli

Masiku ano ndikamva kulira kwa ambulasi ndimayang'ana pansi. Manyazi ake sanathebe, ndipo ndinawaputa ndekha.

Ndinali wapampando wa komiti ya chitukuko kwathu ku Rivirivi (udindo wopanda malipiro, koma jekete ndinkavala). Atatiyitana kuboma ku Balaka, anatifotokozera za lamulo latsopano: nambala yaulere yoyimba pangozi, ndalama zake zochokera kulikulu, koma ambulasi ndi mafuta n'za khonsolo. Ine ndinangomva mawu oti "yaulere". Zinazo zinandidutsa, maganizo ali pa fanta.

Nditabwerako ndinayitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Ndinalankhula ngati lamulolo ndalemba ndine. Ndiye a Chikopa, bambo wina amene satha kumva chinthu osatsutsa, anati, "Apampando, zimenezo n'za pa wailesi. Imbani tione."

Munthu wanzeru akanaseka n'kupitiriza. Ine ndinatulutsa foni, n'kutsegula sipika kuti aliyense amve.

"Vuto n'chiyani, bambo?" anafunsa mayi wa mu foni.

Anthu onse maso pa ine. Kunena kuti ndikungoyesa ndinaona ngati kugonja.

"Mayi akunyumba matenda ayamba. Ndi oyembekezera."

Amake Feli, akazi anga, ali ndi zidzukulu zosenza kale madzi. Azimayi anagwira pakamwa ndi zitenje. Ine mumtima ndinkati sibwera, zinthu za boma timazidziwa.

Inabwera. Fumbi kobo, ana akuithamangira, mpaka pakhomo panga, msonkhano wonse uli pambuyo. Namwino anatsika atavala kale magolovesi.

"Odwala ali kuti?"

Nthawi yomweyo amake Feli anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa, mpiru kumanja. Namwino anawayang'ana pamimba, kenako anayang'ana ine.

"Ndi amenewa?"

"Chachitika n'chiyani, abambo ake Feli?" anafunsa mayiwo.

A Chikopa sanachedwe: "Akuti muli ndi pakati, mayi."

"Iyayi, ine ayi. Kapena ali ndi wina kumene amapita kumisonkhanoku."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Dalaivala yekha sanaseke. Anandikokera pambali, n'kundilankhula motsitsa mawu, zomwe zinawawa kuposa kundilalatira.

"Achimwene, kuyimba n'kwaulere, inde. Koma galimoto siyendera lamulo. Mafuta amene khonsolo yatipatsa ndi omwe mwawotchawa. Tili m'njira anayimba ena kutsidya kwa mtsinje, a ku foni anawauza kuti adikire, tili kwa apampando. Mafuta otsalawa ngongobwererera."

Kutsidyako anali Esinati, mwana wa mlamu wanga, mimba yake yoyamba. Atatopa kudikira anamukweza pa njinga ya kabaza. Sanafike kuchipatala. Anachirira panjira, pansi pa mtengo wa bwemba, azimayi odutsa atamutchinga ndi zitenje. Mulungu yekha ndiye anagwira ntchito tsiku limenelo, mayi ndi mwana onse ali moyo. Zikanapita kwina sindikudziwa ndikanalowera kuti.

Amake Feli sanandiyankhule mpaka Lamulungu. Upampando ndinautula ndekha, jekete ili m'sutikesi. Kukapepesa ndinapita ndi nkhuku, ndipo mlamu wanga anailandira bwinobwino, osatchula kanthu. Ndinayamba kupuma. Potsanzikana ndinafunsa dzina la mwana.

"Mayeso," anatero. "Si munkayesa?"

Mayeso pano akuyenda. Amandikonda kwabasi mwana ameneyu, akangondiona amathamangira kudzandigwira mwendo. Ndipo pamaliro, kutchalitchi, pamsika, anthu amadikira dala kuti ndimutchule dzina.