Kaliwo wa a Bonifasi

Lolemba, mwezi wa Juni

Chiperoni chayamba. Phiri silikuoneka n'komwe, kwangoti mbuu. Ine ndili kuseri kwa khola la mbuzi, ndakhala pa njerwa, kaliwo kukamwa, madzi a padenga akundidonthera m'khosi. Kuno ndi kumene mkazi wanga, amake Esinati, anandisamutsira chaka chatha. Akuti utsi wa fodya wanga umalowa m'makatani, m'bulangeti, mpaka mu shuga. Ndinavomera. Nyumba ili pamalo pa akwawo, ndikanatani?

Koma lero zandiwawa. Pakhonde panga, pampando wanga wa ndalema, pakhala a Bonifasi. Mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga, amene angobwera kumene kuchokera ku Joni. Abwera ndi jekete lachikopa, chimimba, ndi kaliwo.

Kaliwoyo! Wokhota, wonyezimira ngati nsapato za mkwati, ali ndi kamphete koyera pakhosi. Ali naye kukamwa pakhonde panga, mkazi wanga akuwathirira tiyi.

Ndafunsa kuti bwanji iwo aloledwa. Yankho: "Wawo ali ndi fyuluta, bambo a Esinati. Mwamvako fungo inu?"

Zoona, fungo sindinalimve. Utsinso sindinauone. A Bonifasi akuti fyuluta ndi kanthu koyera kamene kamakhala m'kati mwa chokokera, ndipo ya ku Joni imameza utsi wonse, sitaya kanthu panja.

Nsanje yandigwira, sindibisa. Kaliwo wanga ndi wa malemu bambo anga. Anabwera naye kuchokera kutsidya kwa Muloza, ankamutcha kashimbu. Mutu wake ndi wa phingo, chokokera ndi kansungwi. Sanadwalepo, sanandichititsepo manyazi. Lero ndikumuyang'ana ngati wachibale amene wabwera ku ukwati osasamba.

Zoti ndichite sabata ino:
kupeza fyuluta;
kuyilowetsa mwa kashimbu;
kubwerera pakhonde;
kuona nkhope ya a Bonifasi akamanyamuka pampando wanga.

Ine ndasefa tiyi ku fakitale mpaka kupuma pa ntchito. Ndingalephere kusefa utsi?

Lachiwiri

Ku Chitakale, pa kabaza, nditamanga tayi kuti ogulitsa adziwe kuti wabwera munthu wodziwa chimene akufuna.

Shopu yoyamba: andipatsa fyuluta ya njinga yamoto. Kukula ngati kapu. Shopu yachiwiri: sefa ya tiyi, yapulasitiki, yofiira. Yachitatu sindinalowemo, mwiniwake amapemphera ndi mkazi wanga.

Mumsika ndapita kwa mayi uja wa ku Phalombe amene amandigulitsa fodya wa labu. Waseka mpaka mpango kugwa. "Labu mumusefe? Ndiye mutsala ndi chiyani, bambo? Bwanji osangokoka mpweya?"

Mwano.

Kenako nzeru yandibwerera. Ndudu za m'paketi zimakhala ndi fyuluta kumatako! Pa siteji ya maminibasi zotsalira zake zili mbwee. Ndawerama, ndikutola, ndikuyika m'thumba la malaya. Nditadzuka ndapeza a Makina, amene ndinkawalamulira ku fakitale, andiyimirira kumbuyo. Ayang'ana tayi, ayang'ana m'manja mwanga. Angotulutsa ndudu yathunthu n'kundifumbatitsa ndi manja awiri, ngati chipepeso cha pamaliro.

Pofika Lamulungu esiteti yonse ikhala itamva kuti ndagwa.

Kunyumba, zotolazo sizikulowa m'kansungwi. Bowo lachepa. Ndapsinya, ndapotokola, ndanyowetsa ndi malovu kenako ndakumbukira kumene ndazitola. Ndalavula mpaka mbuzi kudabwa.

Pakhonde a Bonifasi akufotokoza za masitepe a ku Joni oyenda okha. Mkazi wanga akuseka mpaka kugwira nthiti. Kuseka kumeneko ndimakudziwa. Kale kunali kwanga.

Lachitatu

Thonje.

Ndalichotsa m'botolo la mankhwala a amake Esinati. Ndalipota bwinobwino, ndalikankhira m'kansungwi ndi sipoko ya njinga. Lalowa! Ndayatsa. Ndakoka. Palibe. Ndakokanso. Masaya akumana m'kati, makutu atsekeka, maso atuluka, utsi ayi. Ndakoka kachitatu ndi mphamvu zonse za mwamuna, thonje lonse fyuu, pakhosi.

Ndameza fyuluta yanga yoyamba.

Madzulo ndayesa masamba a tiyi. Nzeru imeneyi ndinaikhulupirira kwambiri. Tiyi amanunkhira, mkazi wanga amakonda tiyi, basi nkhani yatha. Ndatapa m'chitini cha kukhitchini, ndakulunga m'kansanza, ndalowetsa.

Zotsatira zake:
utsi wochuluka kuposa kale;
fungo la tsiku lija mashini oumitsira tiyi anapsa ku fakitale;
mbuzi yaikazi yathyola chitseko.

Ndathamangitsa mbuzi mpaka m'munda wa nanazi wa aneba, kaliwo ali kukamwa, akufukabe. Pobwerera ndadutsa pakhonde nditanyowa, matope mpaka m'mawondo. A Bonifasi achotsa kaliwo wawo kukamwa, andiloza naye.

"Achimwene, ku Joni mbuzi timaziona zitaphikidwa kale."

Timaziona! Munthu amene anapita ku Joni ndi nsapato zanga zobwereka.

Lachinayi

Ndameza ulemu, ndapita kukakhala pa sitepe ya khonde. Kwathu kuno kaliwo amayenda m'manja. Munthu sungasute wekha mnzako akukuyang'ana, ndi mmene tinakulira. Kashimbu walowa m'kamwa mwa theka la amuna a mudzi uno, ngakhale mwa a Bonifasi omwewa asanapite. Ndiye ndatambasula dzanja, ndati tikokeko.

A Bonifasi abisa kaliwo wawo m'jekete.

"Ayi achimwene, fyuluta imazolowera pakamwa pamodzi. Mukakoka inu isokonezeka."

Umbombo wotere sindinauonepo. Koma chimene chandipweteka kwambiri n'china. Munthuyu sapempha moto. Machesi sindinamuone nawo. Ndiye kuti amayatsa kamodzi m'mawa kwawo, moto n'kukhala m'katimo tsiku lonse osazima, mvula kaya mphepo. Ine bokosi la machesi limatha ndisanakhute n'komwe. Zinthu za ku Joni! Ena anabadwa ndi mwayi.

Ndaganiza mozama. Chinthu chimene chimameza madzi chingamezenso utsi. Siponji.

M'nyumba muno siponji ili m'matiresi basi. Ndadula kachidutswa pakona, ndi lumo, amake Esinati ali ku mjigo. Mwatsoka ndadula mbali yawo.

Za utsi umene watuluka sindikufuna kulemba zambiri. Wakuda bii, wonunkha matayala. Ndatsokomola mpaka kugwada, misozi chuchuchu, ndikuona nyenyezi masana. Agogo a kuseri kwathu afuula kuti ndani akuotcha mapulasitiki pafupi ndi nkhokwe.

Mkazi wanga wapeza bowo pa matiresi. "Makoswe ayambanso."

Ndavomereza msanga. Ndati ndi aakulu chaka chino. Wandiyang'ana nthawi yaitali, wayang'ana lumo lili pawindo, kenako wapita kukabwereka mphaka kwa a Bonifasi.

Ali ndi mphakanso.

Lachisanu

Vuto ndaliona. Si thonje, si siponji. Bowo la kashimbu ndi laling'ono. Likakula, fyuluta za pa siteji zija zilowa, ndipo zimene zija ndi zenizeni, zochokera ku kampani.

Kansungwi ndasintha, ndayika kokulirapo. Kwatsala kukuza bowo la pamutu, pa phingo. Ndaotcha msomali pa mbaula mpaka kufiira. Ndagwira ndi pulayala. Ndalowetsa pang'onopang'ono, kukununkhira bwino, zikuyenda. Ndati ndiwonjezere pang'ono kuti zisadzavutenso.

Thee!

Mng'alu kuyambira pabowo mpaka kukamwa kwake.

Ndakhala pa njerwa, kashimbu ali m'manja, zidutswa ziwiri zikungogwirana ndi khungu. Kaliwo ameneyu anawoloka Muloza m'thumba la bambo anga akuthawa nkhondo, atasiya mbuzi, makasu, chilichonse. Pamene ankamwalira, chifuwa chitawatha, anandipatsa ine osati mkulu wanga, ndipo mkulu wanga sanandikhululukire mpaka lero. Pali pena pamene chala chawo chachikulu chinasalaza mtengo. Ndimayikapo changa, chimakwana.

Ndamuswa ndekha, ndi msomali, chifukwa cha munthu wa jekete lachikopa.

Ndalira. Mbuzi zokha ndi zimene zaona.

Chakudya chamasana sindinadye. Kalongonda, amene ndimamukonda! Amake Esinati abwera kukhola, aona zimene zili m'manja mwanga. Ndimayembekeza mawu. Angotola zidutswazo, azikulunga m'nsonga ya chitenje, n'kubwerera m'nyumba.

Lero sindinasute. Dzulonso tinene kuti sindinasute, siponji si fodya. Mutu ukuwawa, aliyense akundinyansa.

Loweruka

Ndadzuka ndi mtima umodzi. Ndikapemphe fyuluta kwa a Bonifasi, imodzi yokha, ndiione ndi maso anga chinthu chimene chandiswetsa kaliwo wa bambo anga. Akakana tiyambana, basi.

Ndapita kwawo, ndawapeza ali kubafa, akuimba nyimbo ya Chizulu mokweza kuti mudzi wonse udziwe. Jekete lili pa chingwe. Kaliwo ali pawindo, yekha.

Ndamunyamula. Wopepuka! Ndapotokola chokokera, chatseguka. Fyuluta ija ndi iyi, yoyera ngati choko. Ndasuzumira m'mutu mwake. Mulibe phulusa. Mulibe mwaye. Mtengo wake ndi woyera ngati chikho chatsopano. Ndanunkhiza. Fungo la shopu.

Kaliwoyu sanalawepo moto chibadwire.

Ndatembenuka, mlamu wanga amake Joyisi, mkazi wa a Bonifasi, ayima ndi tsache m'manja. Atsitsa mawu.

"Alamu, chonde musawauze kuti mwaona. Adokotala a ku Joni anawauza kuti akakokanso fodya abwera kumudzi m'bokosi. Ndiye anagula ameneyo kuti pakamwa pasamasowe chogwira. Amachita manyazi kuti anthu adziwe."

Ndafunsa ngati achemwali awo akudziwa zimenezi.

"Iii alamu! Si ndi omwewo anawauza kuti azikakhala pakhonde panu?"

Ndabwezera kaliwo pawindo bwinobwino, mmene ndinamupezera. Ndatuluka. A Bonifasi akadali pa vesi yachiwiri.

Tiwerenge. Ndameza thonje. Ndasuta matiresi. Ndanamizira makoswe. A Makina akuuza anthu kuti ndimatola zotsalira pa siteji. Kashimbu wasweka. Zonsezi pofuna kufanana ndi munthu amene akungoluma mtengo.

Ndipo wokonza zonse ndi mkazi amene ndimagona naye pa matiresi obooka omwewo. Ndakwiya tsiku lonse. Vuto ndi lakuti sindikudziwa kuti ndiyambire kukalipira ndani. Ndakalipira mphaka.

Lamulungu

Kutchalitchi a Makina andigwira dzanja nthawi yaitali, andiuza kuti Mulungu sataya anthu ake.

Titabwerako ndapeza mpando wa ndalema uli pakhonde, wopanda munthu. Pampandopo pali kashimbu. Mng'alu uja wamangidwa ndi ulusi wakuda, wozungulizidwa mothinana, mmene amake Esinati amamangira mpini wa mpeni ukasweka. Amupakanso mafuta odzola. Moto sangasungenso, akutulutsa mpweya m'mbali. Koma pa chala paja sanaphimbepo.

Ndakhala. Mkazi wanga wabweretsa tiyi, wakhala pamkeka pafupi ndi mwendo wanga. Ndimafuna kuyamba mlandu wa dzulo uja, mawu ndinawakonza kale m'tchalitchi nthawi ya ulaliki. Wanditsogolera iye, osandiyang'ana, akusankha nandolo m'lichero.

"Chifuwa chanu cha m'mawa chija chachepa. Bambo anu anayamba chomwechija, ndipo amene ankawachapira nsanza zamagazi ndine. Sindikufuna kuchapanso."

Ndamwa tiyi. Shuga wake ndi wokoma, sakununkha kanthu.

Fodya ndikumufuna, ndisaname. Ndikumufuna mpaka m'zala. Labu wotsala ali pa denga la khola, ndipo ndikudziwa kuti ali pati. Koma kukhola kukudontha, kuno kuli bulangeti pamiyendo.

Madzulo a Bonifasi afika. Apeza mpando uli ndi mwiniwake. Ayima pang'ono, akhala pa sitepe. Nkhope ija ndimafuna kuiona Lolemba ndaiona, koma siinakome mmene ndinkaganizira. Ayang'ana kashimbu ali kukamwa kwanga, wopanda utsi.

"Mwaipeza fyuluta, achimwene?"

Ndati eya, ya konkuno.

Agwedeza mutu. Sanafunse zambiri, inenso sindinafunse. Chiperoni chatsika pang'ono, phiri layamba kuonekera nsonga. Takhala pakhonde, akamwini awiri, aliyense ataluma mtengo wozizira, tikukoka mphepo ya m'phiri.

Koma mphepo yawo ikudutsa pa fyuluta.