Ntchito ya ku Loji ndi Nzeru za Ogula Nsomba

Lolemba

Foni yalira ndikumangirira mbuzi. Ndi mayi wa ku ofesi ya loji ija ndinasiyako kalata yofunsira ntchito yosunga katundu. Akufunsa ngati ndingapite mawa kukaonana ndi abwana. Mtima ukuti inde, ngakhale pompano, ngakhale wapansi. Koma pafupi pali amalume a Saidi, akatswiri ogula nsomba pa dooko la Nkhudzi, ndipo akundipukusira mutu. Ndiye ndayankha kuti ndione kaye pulogalamu yanga.

Pulogalamu yanga ya mawa: mbuzi yomweyi.

Amalume akuti: "Wogula wochenjera sayang'ana chambo chimene akuchifuna. Umayang'ana kumbali, n'kumachoka. Mwini wake akuitana yekha."

Ndawamvera, koma ndili ndi mantha. Ntchitoyi ikandiphonya, kumapeto kwa mwezi ndikwera basi ya ku Joni ndi alamu anga. Mkazi wanga Asiyatu ndi woyembekezera. Sindikufuna mwana wanga woyamba ndidzamuonere pa foni.

Lachiwiri

Sakuimba. Ndasita malaya oyera ndi simbi yamakala. Zoti ndichite akaimba:

kudikira ilire kaye
kuyankha mosathamanga, ngati munthu woti wadya
osanena zikomo pafupipafupi

Asiyatu akufunsa: "Bwanji osangowaimbira?" Ndamufotokozera za chambo. Wangoti chabwino n'kupitiriza kusankha mpunga. Chabwino wakeyo sindinamukonde.

Lachitatu

Ndalephera kupirira, ndaflasha. Kamodzi kokha, mwaulemu. Posakhalitsa akuimba! Amalume andigwira dzanja: "Waona? Ayamba kukuitana. Ukacheuka msanga mtengo sutsika."

Foni yalira mpaka yatopa. Ndimangoiyang'ana ngati mwana wolira amene andiletsa kumunyamula. Ndawafunsa amalume kuti kodi tikutsitsa mtengo wa chiyani. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi

Kuli zii. Ndaganiza zoti a ku loji andione, koma osaoneka ngati ndikufuna kuonedwa. Ndavala malaya aja, ndakwera kabaza mpaka pa mphambano, kenako wapansi pang'onopang'ono kudutsa pa geti la loji, maso kumbali monga anandiphunzitsira. Alonda andipatsa moni, andifunsa ngati ndikufuna munthu.

"Ayi, ndikungodutsa."

"Kupita kuti achimwene? Msewuwu umathera pompano."

Zoonadi. Kutsogolo kuli mpanda, kuseri kwake madzi. Ndaima pang'ono kuuyang'ana mpandawo ngati ndi umene ndadzera, kenako ndabwerera. Manyazi andigwira.

Lachisanu

Ndasintha nzeru. Lero akaimba ndiyankha isanamalize n'kulira komwe. Foni ili m'manja kuyambira swala, pemphero la m'mamawa. Ndaithimitsa pokhapokha polowa mu mzikiti masana. Potuluka ndapeza anandiimbira.

Ndaimba, sakuyankha. Ndaimbanso. Ndaimbanso. Kenako ndalemba uthenga: ndine wokonzeka nthawi ina iliyonse, ngakhale kusesa, ngakhale kutsuka mbale, ndipo Mulungu awadalitse iwo ndi abwana ndi ana awo. Ndatumiza. Ulemerero wonse umene ndausunga sabata ino wathera mu uthenga umodziwo.

Loweruka

Ndalawira ku loji, chambo chachikulu chili m'jumbo. Alonda aja: "Lero mukudutsanso?"

Mayi wa ku ofesi andilandira bwino, ndipo zimenezi ndiye zandiwawa kwambiri. Akuti kalata yanga ndi imene abwana anaikonda. Dzulo amaimba komaliza. Atandisowa, anatenga mtsikana wa ku Chowe amene anabwera Lachiwiri mbandakucha, fumbi la matola lili m'mutu.

"Ife tinayesa muli pa ntchito ina, bambo. Munati muli ndi pulogalamu."

Chambo achikana, akuti saloledwa kulandira. Ndatuluka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Palibe wandiitana.

Lamulungu

Chambo chija tadya. Amalume abwera kudzapepesa, ndipo adyako. Kenako akuti: "Apa tinalakwa, mphwanga. Ogula anali iwowo. Iwe unali nsomba." Akuti nsomba sichoka pa dooko, imakhala pomwepo mpaka wogula aitole.

Sindingawaimbe mlandu. Ndi amalume, ndipo pakamwa pamene panati pulogalamu ndi panga.

Alamu atumiza uthenga kuti malo anga mu basi alipo. Asiyatu watenga malaya oyera aja pa msomali, wawapinda bwinobwino, wawaika m'chikwama. Pamwamba waikapo juzi yake kuti ndizikavala. Akuti amamva kuti ku Joni kumazizira, ndipo iyeyo yayamba kale kumuthina pamimba.