Tsiku Limene Ndinasesa Satifiketi ya Mwana Wanga

Ine Nyamhango sindichita manyazi wamba. Ndinafika Fomu 4 nthawi imene atsikana ambiri a ku Lupembe ankathera ku pulaimale, ndipo pabwalo panga mutha kudyera pansi. Koma nkhani iyi ikandibwerera, ndimafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo.

Mwana wanga Lusayo anali pa kosi ya achinyamata yobwezeretsa nkhalango. Mpingo wonse ndinali nditauuza kale kuti ndabereka officer. Practical yake inali pa kamunda kathu kakale kuseri kwa nyumba, ndipo satifiketi yake inkadalira pamenepo.

Lolemba lina anandiimbira foni ali ku boma.

"Mama, Lachisanu ndibwera ndi aphunzitsi kudzaona puloti yanga. Chonde musavutike ndi chilichonse."

Musavutike! Mwana waulemu amatero akamafuna kuti uvutike.

Ndinapita kukasuzumira. Thengo! Zitsa zophukira paliponse, udzu wofika m'chiuno, masamba owola, miyala yodzaza m'ngalande, timaliboni tofiira pa timitengo ngati za asing'anga. Zaka ziwiri mwana akulowa muno osasesako? Alendo adzati mayi ake ndi ndani?

Ndinaitana amayi anzanga a kwaya. Lachiwiri tinatchetcha. Lachitatu tinakumba zitsa tikuimba, ine ndikutsogolera soprano. Lachinayi tinatentha zinyalala n'kusesa mpaka dothi linawala. Miyala ija tinaichotsa m'ngalande, tinaipaka laimu, n'kuindandalika m'mbali mwa njira ngati ku maofesi a boma.

Nyakaonga, mnzanga wa alto, anati, "Koma mwanayu amaphunzira za mitengo. Pasakhale chomera ndi chimodzi chomwe?"

Ndinakatenga maluwa anga a pulasitiki a pabalaza n'kuwazika pakati. Timaliboni tija tinakongoletsera geti.

Lachisanu galimoto inafika. Ine ndili mu suti ya chitenje ndi nsapato zazitali.

"Welcome to conservation!" ndinatero nditatambasula manja.

Lusayo anatsika, anayang'ana, n'kukhala pansi pafumbi. Ine ndinati ndi chimwemwe.

Aphunzitsi ake, a Kayira, anavula magalasi. "Mama, kuno kwadutsa thalakitala?"

"Thalakitala ya chiyani? Manja awa, dada! Masiku atatu okha!"

"Nanga zitsa zili kuti?"

"Ndi zimene zaphikira mpunga wanuwo. Mudye kaye?"

"Mama!" Lusayo anakuwa. "Zitsa zija ndiye mayeso! Timazisiya ziphukire kuti nkhalango ibwerere yokha! Miyala ija imatchinga madzi kuti asakokolole nthaka!"

"Ndiye kusukuluko zaka ziwiri akukuphunzitsani kusasesa?"

A Kayira anatsokomola. "Pang'ono ndi choncho, mama."

Anazungulira malo onse. Atafika pakati anagwada, n'kununkhiza duwa la pulasitiki. Kenako anapempha kuti andijambule. Ndinaima pakati pa puloti, tsache kudzanja lino, dzanja linalo m'chiuno. Pa kamera ine sindiphunzitsidwa.

A Kayira anati malo owonongeka mwaluso chonchi sanawaonepo, Lusayo ayambirenso, satifiketi idikire. Mwanayo anatha mwezi wathunthu osalawa mpunga wanga.

Mwamwayi timizu totsala tinaphukira mvula itagwa. Lusayo anamanga mpanda waminga, kiyi wa pageti n'kumayenda naye m'khosi, ndipo chaka chatha anakhoza.

Tsiku lolandira masatifiketi ndinakhala kutsogolo, monga mayi wa officer. Pakhoma la holo panali chithunzi changa chachikulu, chitenje chikuwala!

Ndinagunyuza Nyakaonga. "Waona? Ulemu umenewo."

Tinasendera pafupi. Pamwamba analemba kuti ADANI A NKHALANGO. Kumanzere moto, kumanja mbuzi, pakati ine.

Komabe pa atatufe, amene anatuluka bwino ndine.

Amayi anzanga, mwana wophunzira akati musavutike, bisani tsache.