Nyemba za Ireen ndi Mpopi wa a Bwana

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Madzi ya Tamwani,
Kulikonse kumene kalatayi ikupezeni.

Bwana Wolemekezeka,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Ine ndine Alufeyo Chakhala, mlimi wamba wa kufupi ndi Mua, munthu wosayenera ngakhale kupukuta fumbi pa galimoto yanu. Ndikudziwa kuti muli ndi misonkhano yambiri kumahotela, koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndine nkhoswe ya kuchikazi pa ukwati wa Ireen, mwana wa mlongo wanga, amene anapita chitengwa kwa Lackson, wogulitsa zipangizo za njinga pa Mtakataka. Ukwatiwo uli pafupi kutha, ndipo ndaona kuti kungakhale kupanda ulemu kuti uthe inu musanathokozedwe, poti mwagwirapo ntchito yaikulu.

Mwina mwaiwala, popeza zabwino zimene mumachita n'zambiri. Chaka cha chisankho chija munabwera ndi mapaipi kumapuloti atsopano, kumtunda kwa msika. Amayi anavina, mbuzi inafa, inu n'kuimirira kutiuza kuti madzi amenewa ayezedwa ndi makina akunja, ndipo mkazi wa kumapuloti sadzasenzanso ndowa mpaka kalekale. Enafe tinaomba m'manja n'kuiwala. Lackson yekha mawu anuwo anawameza ndi nthenga zomwe. Anakokera mpopi pabwalo pake, n'kuumangira kakhoma ka simenti, n'kukapaka penti. Mlendo akafika pakhomopo amayamba waonetsedwa mpopi, mpando umabwera pambuyo.

Tsono ndiloleni ndithokoze mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha njereza. Ife tinapempha madzi okha, koma inu mwa kuwolowa manja kwanu mukutipatsa ndi njereza yomwe. Ketulo ya Ireen, mphatso ya paukwati, mkati mwake mwayera mbee, ndipo ikunka nilemera. Akaipala zimatuluka zokwanira kupaka khonde. A Ezekiele, katekisiti wathu wopuma, akuti ngati m'ketulo muli chonchi, ndiye kuti m'mimba mwa anthu a kumapuloti mukuwala kuposa m'tchalitchi tsiku la Pasaka.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa kuti thovu n'chinthu chachabechabe. Sopo akalowa m'madzi anu amangotha mwakachetechete, osasiya ndi kathovu komwe koti munthu n'kudzitonthoza nako. Malaya oyera amene Lackson amavala kukwaya tsopano ndi otuwa ngati phulusa. Ine ndinasambako kamodzi nditapita kukacheza, ndipo pobwerera anthu mu minibasi ankandifunsa ngati ndikuchokera kowotcha njerwa.

Za kamchere kamene kamamveka pakhosi sindinena zambiri. Mwatichepetsera ulendo wa kugolosale.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, zikomo chifukwa cha nyemba. Ireen anakulira m'manja mwa mlongo wanga, ndipo nyemba anayamba kuphika asanadziwe n'komwe kumanga chitenje. Kwathu timatunga kumtsinje wotsika m'mapiri. Nyemba ukateleka popita kumunda, pobwera umapeza zapsa, msuzi uli bii. Koma nyemba zomwezo, za m'munda womwewo, zikalowa m'madzi anu zimauma mutu. Ireen amateleka m'mawa, makala n'kutha, n'kuonjeza ena, dzuwa n'kupendeka, izo zili gwa, zikungogubuduzika mumphika ngati miyala ya bawo. Soda Lackson amakana, akuti amafooketsa msana wa mwamuna.

Tsiku lina aNangozo, mayi ake a Lackson, anabwera kuchokera ku Golomoti kudzaona ana. Analuma nyemba imodzi, n'kuilavulira m'dzanja, n'kuiyang'anitsitsa. Kenaka anafunsa mokweza kuti apafupi amve: "Kodi mwana ameneyu analangidwa? Kapena anamkungwi ake anali pachangu?" Bwana, inu mwina kwanu mawu otere salemera, koma kwathu kuno atukwana mtundu wonse. Anandiwawa nditawamva, ndipo akundiwawabe.

Ireen anayesa kunena kuti vuto ndi madzi. Lackson anaseka n'kuti, "Madzi oyezedwa ndi makina angalephere nyemba? Iwe ndi ulesi basi." Atapempha kuti azikatungako kumtsinje a nyemba okha, bamboyo anadumpha. "Mkazi wanga kusenza ndowa mpopi uli pakhomo? Anthu aziti Lackson wagwa?" Mukuona, Bwana, mmene anthu amakukhulupirirani. Pakati pa mkazi wake ndi mawu anu, iye anasankha inu.

Ndiye mwanayo anachita zimene akanachita mkazi aliyense wofuna banja lake. Lackson akapita kushopu, iye ankakulunga chigubu m'chitenje, n'kuchisenza ngati chimanga cha kuchigayo, n'kudzera kanjira ka kuseri mpaka kumtsinje. Nyemba zinayamba kupsa. Lackson ananyambita zala, n'kuitana anzake kuti adzalawe. "Mwaona? Ndinanena ine kuti mpopi ulibe mlandu. Mkazi ndi kumuwongola." Mtendere unabwerera pakhomo, ndipo ulemu wonse unapita kwa inu, monga mmene ziyenera kukhalira.

Koma a Margret a nyumba yoyandikana nawo ali ndi maso. Anaona kuti Ireen akupita kuchigayo pafupipafupi, koma pobwera alibe ufa ngakhale m'nsidze. Anamulondola, n'kuona kuti akutsikira kumtsinje, kumene anyamata amakumba mchenga ali chifuwa pamtunda. Sanadikire kuona chigubu chikumizidwa. Nkhani inafika pamsika iwo asanafike n'komwe, ndipo madzulo ake Ireen anapeza zovala zake zili panja.

Pano ali kwathu, maso otupa. Ali ndi pakati, Bwana, ndipo Lackson wayamba kuwerenga miyezi pa zala. Mwanayo waonetsa chigubu, walumbira, walira, koma mwamuna wake akuti chigubucho n'chophimbira chabe, pakuti palibe munthu wamutu wake angasiye madzi a makina n'kukatunga a achule. Ndakhalapo nkhoswe pa maukwati angapo. Ndaweruzapo za mowa, za nkhanza, za apongozi olowerera. Akuluakulu amati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma sindinaganizepo kuti kapasule angakhale wachitsulo, woimirira pabwalo, womangiridwa ndi kakhoma komwe.

Musaganize kuti ndathamangira kwa inu ndisanayese apansi. Ndinapita ku kaofesi kanu ka pamsika. Mnyamata wa tayi amene ndinamupezamo anandilandira bwino kwambiri. Anandifotokozera kuti madzi otere amalimbitsa mafupa, ndipo tikanayenera kumathokoza. Ankanena izi akutsegula botolo la madzi ogula m'sitolo, ndiye ndinadziwa kuti ake mafupa analimba kale. Nditamupempha kuti angobwera adzauze Lackson kuti madziwa salola nyemba, anati oyenera kuyankhula zimenezo ndi akulikulu okha. Ndiye ndabwera kulikuluko, Bwana.

Sindikupempha kuti mukonze madzi. Ndine ndani ine kuti ndilowerere ntchito ya makina akunja? Mapaipi ndi anu, thanki ndi yanu, ndipo chisankho china chikadali kutali. Pempho langa ndi laling'ono, la munthu wosauka.

Loweruka likudzali ankhoswe a mbali zonse tikhala pansi pakhomo pa Lackson. ANangozo adzakhalapo, a Margret nawo sangaphonye. Popeza Lackson samva munthu wina aliyense koma inu, tikupempha modzichepetsa kuti mudzabwere, ndipo mudzatenge mayi akunyumba. Ife tidzapereka nyemba, mphika, mbaula ndi thumba la makala. Mayiwo, amene sitikukayika kuti analangidwa bwino, adzatunge pampopi wanu ndi manja awo, adzateleke, ife tonse tikuona. Inu tidzakuyalirani mkeka pamthunzi, ndipo simudzadya kanthu kena mpaka ndiwozo zitapsa, monga amachitira mwamuna aliyense wa kumapuloti.

Zikadzapsa dzuwa lisanalowe, ine Alufeyo ndidzapepesa pamaso pa anthu, ndidzasenza ndekha katundu wotsala wa mbumba yanga, ndipo mwana akadzabadwa ndidzalera. Koma zikadzakana, musadzadandaule za ukwati wanu, Bwana. Ankhoswe tidzakhala tili pomwepo kale, ndipo tikadzatha wa Ireen tidzayamba wanu.

Ndine kapolo wanu wosatopa ndi kuthokoza,

Alufeyo Chakhala,
Nkhoswe ya kuchikazi.