Mitu Inayi ya Buku Loletsedwa

Lolemba
Laibulale ya pa parishi yathu ku Namitete ikukumbukira mabuku omwe ankaletsedwa m'nthawi ya chipani chimodzi. Ine, monga mphunzitsi wopuma, ndapatsidwa udindo wowerenga limodzi mwa mabukuwo pagulu Loweruka, osalumpha ngakhale liwu. Ndasankha buku la mitu inayi: wa atsogoleri a mpingo, wa eni minda ya fodya, wa ndale, ndi wa chikondi. Jekete ndasita kale.

Lachiwiri
Akatekisiti andiyendera. "Aphunzitsi, sitikuletsa ayi, koma mutu wa mpingo uja... bambo mfumu adzakhalapotu, eti." Munthu wavula chipewa polankhula, ndimukanira bwanji? Yatsala itatu.

Lachitatu
Akapitawo a ku esiteti ya fodya, omwe akutibwereka mabenchi: "Za matenantizo mungautse nazo mapiri pachigwa." Mabenchi kapena mutu? Anthu sangamvetsere za ufulu ali chiimire. Mutu wapita.

Lachinayi
Akhansala atumiza moni, mkoko wa nthochi, ndi pempho. Ndale zachoka. Ndikungozungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira. Onse akupempha mwaulemu! Wina akanandiopseza, ndikanalimba mtima ndithu.

Lachisanu
Watsala wa chikondi. Ndikuuyeserera mokweza kuseri kwa nkhokwe. Mayi a kunyumba andimva. "Bambo, mpongozi wanu adzakhala benchi lakutsogolo. Mawu amenewo adzatuluka pakamwa panu pomwepa?"
Sangatuluke. Uwu ndauchotsa ndekha, popanda wondipempha. Manyazi!

Loweruka
Holo yadzaza, ena ali m'mawindo. Zomwe ndawerenga:
dzina la buku;
mawu othokoza osindikiza;
tsamba lotchula mitu.
Pa mutu uliwonse ndikukweza maso ndi kunena kuti, "Uwu tiulumpha." Anthu aomba m'manja. Akhansala aimirira kuyamikira ufulu umene tili nawo lero. Ndikufuna nthaka inditsegukire.

Lamulungu
Ndavomereza kuti ndalephera, ndipo sindikuloza chala munthu. Misa itatha ndapita kukabweza buku. Pakhomo pa laibulale pali mzere, aliyense akuyang'ana kumbali ngati akudikira basi. Onse akufuna kubwereka buku lomweli. Woyamba ndi akatekisiti, ndipo akundinong'oneza: "Aphunzitsi, wa chikondi uja uli tsamba liti?"
Ndawauza. Kuwerenga mokweza kwandikanika. Kuloza tsamba kokha ndikutha.